Phunziro la Bayoloje: Mmene Kachirombo ka HIV Kamamangidwira M'kati mwa Selo

Pa tchuthi chapitachi, titakhala pakhonde madzulo ena, mayi wina wachikulire wa mu Mphakati wathu adandifunsa funso limene lidandisowetsa chonena. Adati: "Mwana wanga, paja kuseminale kwanuko mumaphunzira zakuya. Tandiuza, kachirombo ka Edzi kaja kamaswana bwanji m'thupi? Kamaikira mazira ngati nsabwe, kapena kamabereka ngati mbewa?" Sadafunse mongocheza ayi. Mdzukulu wao amamwa ma ARV, thupi lake labwerera bwino lomwe, ndipo munthu wina adali atawauza kuti kachiromboko kadafa kale, mwanayo angathe kuleka mankhwala.

Yankho lalifupi ndi ili: kachirombo ka HIV sikaikira mazira, sikaberekanso. Kamachita kumangidwa, monga mmene timamangira nkhokwe kapena kuumbira mbiya, ndipo amene amakamanga ndi selo la munthu wodwalayo, ndi zipangizo zake zomwe. Yankho lalitali ndi phunziro lino. Ndikupempha anzanga a pa seminale, abambo athu ansembe ndi inu makolo kuti tiliwerenge modekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tikamvetsa mamangidwe ake, timvetsanso chifukwa chake mankhwala amagwira ntchito, ndi chifukwa chake kuwaleka nkoopsa.

1. Tiyambe takumbutsana

Matenda a Edzi adalembedwa koyamba m'mabuku a zachipatala mu June 1981, pamene madokotala a ku Los Angeles adaona anyamata asanu akudwala chibayo cha mtundu wachilendo. Mu 1983 Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier, a ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, adapeza kachirombo koyambitsa matendawa, ndipo dzina loti HIV lidakhazikitsidwa mu 1986. Kuno kwathu ku Malawi wodwala woyamba adadziwika mu 1985.

Kachiromboka nkakang'ono zedi. Titati tindandalike tizirombo 10,000 pa mzere umodzi, mzerewo ungatalike milimita imodzi yokha kapena kupitirira pang'ono. Kachirombo kakadakhala kakakulu ngati mpira wamiyendo, selo limene kamalowamo likadakhala ngati nyumba yotalika mamita 15 kapena 20. Kalibe kamwa, sikadya, sikapuma, ndipo sikangathe kupanga kanthu kalikonse pakokha. Chimene kali nacho ndi malangizo olembedwa pa kachingwe kotchedwa RNA, ka zilembo pafupifupi 9,700, ndi zida zochepa zoti ziwathandize malangizowo kulowa m'selo.

Selo limene kamalikonda kwambiri ndi la CD4, mmodzi mwa asilikali oteteza thupi. Kakalowa, chida chake china chimakopera malangizo a pa RNA aja nkuwalemba pa DNA, ndiye kuti m'kalembedwe ka selo lenilenilo. Chida chachiwiri chimatenga DNA yatsopanoyo nkuisokerera pa DNA ya munthu m'kati mwa nyukiliyasi, chipinda chapakati chimene selo limasungamo malangizo ake onse. Zili ngati wakuba walowa m'nyumba yosindikizira mabuku usiku nkusokerera tsamba lake m'buku lalikulu limene antchito amatsatira. Kukacha antchitowo amasindikiza tsambalo pamodzi ndi ena onse, osadziwa kuti si la mwini nyumba. Phunziro lathu likuyambira pamenepa: tsamba lalowa kale, tsono chimachitika nchiyani?

2. Kusonkhanitsa zipangizo

Selo limayamba kukopera tsamba lachilendo lija nkutulutsa timakope tambiri ta RNA. Ena mwa timakopeti amadulidwa kuti afupike, ena amatsala athunthu. Mwachizolowezi selo sililola RNA yosakonzedwa kutuluka mu nyukiliyasi, koma kachirombo kali ndi puloteni yaing'ono yotchedwa Rev imene imaperekeza RNA yathunthuyo mpaka kudutsa pachipata. Ikatuluka, RNA yathunthu ili ndi ntchito ziwiri: ina imakawerengedwa kuti papangidwe mapuloteni, ina imadikira kuti ilongedzedwe m'tizirombo tatsopano.

Owerenga malangizo m'selo ndi timakina totchedwa ribosome. Timakinati timawerenga zilembo zitatuzitatu, ndipo pa zilembo zitatu zilizonse timalumikiza kachidutswa kamodzi pa puloteni imene ikupangidwa. Puloteni yaikulu imene timapanga kuchokera pa RNA ya kachirombo imatchedwa Gag. Dzina limeneli tilisunge bwino, pakuti Gag ndiye mmisiri, ndiyenso njerwa. Ofufuza ataika malangizo a Gag yekha m'selo, popanda china chilichonse cha kachirombo, selolo lidayamba kutulutsa timipira tofanana ndi tizirombo, ngakhale tidali topanda mphamvu yopatsira matenda.

Gag tingamuyerekeze ndi mzimbe wokhala ndi mfundo. Ndi wamtali, wa tizidutswa pafupifupi 500, ndipo ali ndi zigawo zinayi zikuluzikulu. Kumutu kuli MA, chigawo chogwira khungu la selo. Kenaka pali CA, chigawo chogwirana ndi ma Gag anzake. Chachitatu ndi NC, chogwira RNA. Kumchira kuli p6, chigawo choitana thandizo pa nthawi yotuluka. Pakati pa zigawozi palinso tizigawo tiwiri tating'ono tolumikiza.

Kachirombo katsopano kafunikanso zida zitatu: chokopera RNA pa DNA chija, chosokerera chija, ndi chodulira chotchedwa protease. Zida zimenezi zimapangidwa mwa njira yodabwitsa. Taonani mawu awa: ANA AJA ALI APA. Wowerenga akafika pakati nkuterereka kubwerera m'mbuyo chilembo chimodzi, adzawerenga kuti: ANA AJA AAL IAP A. Mawu onse otsatira asintha. Pa RNA ya kachirombo pali malo oterera otere, ndipo pa maulendo 20 aliwonse, ulendo umodzi ribosome imaterereka. Ikatero siionanso chizindikiro choti iime, imangopitirira, nkupanga Gag wamtali kwambiri wonyamula zida zitatu zija kumchira. Ameneyu amatchedwa Gag-Pol. Choncho pa ma Gag 20 alionse pamakhala Gag-Pol mmodzi, ndipo muyeso umenewu ukasokonezeka tizirombo sitimangika bwino.

Chipangizo chotsiriza ndi minga ya kunja, imene kachirombo kamagwirira selo latsopano. Imeneyi imayenda njira yakeyake. Imapangidwa ngati puloteni imodzi, gp160, imene selo limaikuta ndi shuga wambiri, kenaka nkuidula pawiri kukhala gp120 ndi gp41. Selo limachita zonsezi monga limachitira ndi mapuloteni ake, ndipo limakaiika pa khungu lake kuti idikire kumeneko.

3. Kumanga kuyambika

Selo lililonse lakutidwa ndi nembanemba, kakhungu kopyapyala kopangidwa ndi mafuta. Kumanga kumachitikira pa nembanemba imeneyi, cham'kati mwake.

Poyamba ma Gag ochepa amafunafuna RNA ya kachirombo. Ntchitoyi si yapafupi, chifukwa m'selo muli RNA yamitundumitundu ya selo lenilenilo. Koma chakumayambiriro kwa RNA ya kachirombo kuli malo opindikapindika otchedwa psi, amene ali ngati chizindikiro chimene mlimi amalemba pa thumba lake la chimanga popita kuchigayo. NC akachizindikira amachigwira. RNA ya kachirombo imayenda iwiriiwiri, yogwirana, kotero kachirombo kalikonse kamanyamula makope awiri a malangizo ake.

Kenaka gululi limafika pa nembanemba. Kumutu kwa Gag aliyense kuli kamchira ka mafuta kamene selo lomwelo lidamumata pomupanga. Gag akamayandama m'selo kamchirako kamakhala kobisika. Akakhudza mtundu wina wa mafuta umene umapezeka makamaka pa nembanemba ya kunja ya selo, kamchirako kamatuluka nkuzika m'nembanembamo ngati chikhomo. Umu ndi mmene Gag amadziwira kuti wafika pa malo oyenera. Ofufuza atalepheretsa kumata kamchiraka, Gag adalephera kugwira nembanemba ndipo tizirombo sitidatuluke.

Ochepa aja akakhazikika, anzao amabwera mwaunyinji. Zigawo za CA zimagwirana zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi chimodzi, ngati zipinda za chisa cha njuchi. Pakati pa gulu lililonse pamalowa kanthu kena kakang'ono ka m'selo kotchedwa IP6, kamene kamalimbitsa mgwirizanowo; ntchito yake idadziwika mu 2018. Mitu yonse yaloza kunja, michira yonse yaloza m'kati kumene kuli RNA. Chisacho sichikhala chathyathyathya koma chopindika ngati lichero, motero chikamakula chimakankha nembanemba, ndipo pa khungu la selo pamatuluka kachotupa. Pomaliza pamakhala ma Gag oposa 2,000, pamodzi ndi ma Gag-Pol oposa 100.

Minga ija imakodwa m'kachotupamo. Chodabwitsa nchakuti imakhala yochepa: kawirikawiri pakati pa 7 ndi 14 pa kachirombo kamodzi, pamene kachirombo ka chimfine chachikulu kali ndi minga mazanamazana. Kuchepa kwake, ndi shuga uja woikuta, ndi zina mwa zifukwa zimene chitetezo cha m'thupi chimavutikira kuigwira, ndiponso zimene katemera wa HIV wakhala wovuta kupanga.

Kodi ntchito yonseyi imatenga nthawi yaitali bwanji? Mu 2008 Nolwenn Jouvenet, Paul Bieniasz ndi Sanford Simon, mumzinda wa New York, adamata kanthu kowala pa Gag nkumaonerera pa makina amphamvu. Adaona timadontho towala tikuyamba, tikukula, mpaka kukwanira. Kachirombo kamodzi kankatenga mphindi 5 kapena 6. Nthawi imene timatenga kuchoka ku kalasi kupita ku tchalitchi nkukhazikika pa benchi, kachirombo kamodzi kamakhala katamangidwa, ndipo pa selo limodzi pamamangidwa tambirimbiri.

4. Kudula mchombo

Kachotupa kaja kakakula kamasanduka kampira kolendewera pa selo ndi kakhosi kopyapyala. Pamenepa Gag wafika pamapeto a luso lake. Sangathe kudula kakhosiko. Mu 1991 ofufuza a ku Boston adachotsa p6 kumchira kwa Gag, ndipo adapeza kuti tizirombo tidamangika ndithu koma tidakanirira pa khungu la selo, osachoka. Padapita zaka khumi anthu asadadziwe chifukwa chake.

Mu 2001 magulu angapo a ofufuza, limodzi mwa iwo la Wesley Sundquist wa ku yunivesite ya Utah, adapeza kuti p6 amagwira puloteni ya selo yotchedwa Tsg101. Puloteni imeneyi ndi ya m'gulu la antchito a m'selo lotchedwa ESCRT. Ntchito yao ya masiku onse ndi yabwino ndi yofunika. Mwachitsanzo, selo likamagawikana kukhala maselo awiri, pamatsala kachingwe kolumikiza awiriwo, ndipo gulu limeneli ndi limene limadula. Tonsefe tidakula kuchokera pa selo limodzi m'mimba mwa mai athu chifukwa cha kugawikana kotere. Tinganene kuti ndi azamba a m'selo, odula mchombo.

Tsono p6 amatsanzira chizindikiro chimene selo limaitanira azambawa. Iwo amabwera, nazinga kakhosi kaja cham'kati ngati nkhata, naifinya mpaka nembanemba itaduka nkutsekeka mbali zonse ziwiri. Kampirako kamachoka, selo limatsala lopanda bala. Kachirombo katsopano kamapita katavala chidutswa cha khungu la selo la munthu, pamodzi ndi mapuloteni ena a munthuyo.

Nthawi zambiri sikapita kutali. Selo lodwala likakhudzana ndi selo la CD4 labwino, makamaka m'timabulu ta mwanabere ndi m'matumbo mmene maselowa amathithikana, kumanga kumachitikira mbali yomwe akhudzanayo, ndipo tizirombo timangowolokera kwa mnzakeyo.

5. Selo silingogonja

Tisaganize kuti thupi limangoonerera. Mlengi adaliika ndi alonda ake ngakhale m'kati mwa selo. Titchulepo awiri.

Woyamba ndi tetherin, amene ntchito yake idadziwika mu 2008. Ameneyu ali ngati chingwe chokhala ndi chikhomo mbali zonse ziwiri. Kachirombo kakamatuluka, chikhomo chimodzi chimatsala pa selo, china chimalowa pa khungu la kachirombo, ndipo kamakhala komangirira ngati mbuzi pa msipu ngakhale mchombo utaduka. Koma HIV ili ndi puloteni yotchedwa Vpu imene imachotsa tetherin pa malo omangirapo.

Wachiwiri ndi APOBEC3G, amene adapezedwa mu 2002 ndi Ann Sheehy ndi Michael Malim. Ameneyu amazemba nkulowa m'kachirombo pamene kakumangidwa, nayenda nako. Kakafika m'selo latsopano nkuyamba kukopera malangizo ake, iye amasintha zilembo zambiri mpaka malangizowo kukhala opanda tanthauzo. Apanso HIV ili ndi yankho: puloteni yotchedwa Vif imamata chizindikiro pa mlondayu kuti selo lomwelo limutaye kudzala ngati chinyalala.

Nkhondo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene anthu ankaganizira poyamba. Mu 1995 ndi 1996 David Ho, Alan Perelson ndi anzao adawerengera kuti m'thupi la munthu amene sakumwa mankhwala mumapangidwa tizirombo pafupifupi 10 biliyoni tsiku lililonse, ndipo selo la CD4 limene layamba kupanga tizirombo limafa pa masiku awiri okha kapena kucheperapo. Thupi limapanga maselo ena olowa m'malo, chaka ndi chaka, munthu akuoneka wathanzi. Koma pang'onopang'ono limatopa. Munthu wabwinobwino amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi kochepetsetsa kamene achipatala amayeza. Akatsika kufika pansi pa 200, chifuwa chachikulu, chibayo ndi matenda ena amapeza khomo lotsekula. Imeneyo ndiyo Edzi.

6. Mbiya yosaotcha

Kachirombo kongotuluka kumene sikangathe kupatsira matenda. Kali ngati mbiya imene yaumbidwa bwino koma sidaotchedwe: maonekedwe alipo, koma siingasunge madzi. Kayenera kukhwima, ndipo wokhwimitsa ndi protease, chodulira chija chimene Gag-Pol adanyamula.

Protease ili ngati sizasi: ili ndi mbali ziwiri zofanana, ndipo mbali imodzi payokha siidula kanthu. Gag-Pol aliyense amanyamula mbali imodzi. M'selo, mmene malo ndi aakulu, mbalizi sizikumana kawirikawiri. M'kampira kothina kaja zimakumana, sizasi nkulumikizika, kudula nkuyamba. Choncho kudula kumachitika pa nthawi yake, pamene kachirombo kakutuluka kapena katangotuluka.

Sizasiyo imadula Gag aliyense pa mfundo zisanu, motsatana bwino, ndipo imamasulanso zida zimene zidali kumchira kwa Gag-Pol. Mzimbe ukaduka, chigawo chilichonse chimapita pa ntchito yake yatsopano. MA amatsala pa khungu. NC amakulunga RNA mothina. Zigawo za CA, zimene tsopano zili zomasuka, zimagwirananso mwatsopano, pafupifupi 1,500 mwa izo, nkupanga chikwama chozinga RNA ndi zida zija. Chikwamachi chimatchedwa capsid, ndipo chili ndi maonekedwe a chitsononkho cha chimanga: chachikulu mbali imodzi, chosongoka mbali inayo.

Anzanga okonda mpira adziwa msanga mmene chimatsekekera. Mpira wachikale uja, wa zigamba zakuda ndi zoyera, uli ndi zigamba 20 za ngodya zisanu ndi imodzi, ndi zigamba 12 za ngodya zisanu. Zigamba za ngodya zisanu ndi imodzi pazokha zimangopanga mphasa. Za ngodya zisanu ndi zimene zimapinda mphasayo kuti itsekeke, ndipo masamu amati zifunika 12 ndendende. Capsid ya HIV ili ndi zigamba pafupifupi 250 za ngodya zisanu ndi imodzi, ndi 12 za ngodya zisanu: 7 ku mbali yaikulu, 5 ku mbali yosongoka. Gulu la Sundquist lidafotokoza zimenezi mu 1999, ndipo mu 2013 ofufuza a ku Pittsburgh ndi ku Illinois adajambula chikwama chonsecho mwatsatanetsatane pa kompyuta yaikulu.

Chikwamachi chimabisa malangizo a kachirombo kuti alonda a m'selo latsopano asawaone. Mu 2021 ofufuza a ku Heidelberg, m'dziko la Germany, adajambula capsid yathunthu ikudutsa pachipata cha nyukiliyasi, mbali yosongoka ili patsogolo. Ikalowa, tsamba lina limasokereredwa m'buku lina, ndipo nkhani yonse imayambiranso.

7. Pamene mankhwala amagwira

Ntchito yokhala ndi masitepe ambiri chotere ili ndi malo ambiri amene ingathe kuimitsidwa. Nchifukwa chake kafukufuku amene tafotokozayu sadali wongokhutitsa chidwi cha anthu ophunzira.

Akatswiri atadziwa maonekedwe a protease adapanga mankhwala olowa pakamwa pa sizasiyo nkuitseka. Oyamba, saquinavir, adaloledwa ku America mu December 1995, ndipo ritonavir ndi indinavir adatsatira mu 1996. Munthu akamwa mankhwala otere, tizirombo timamangika nkutuluka, koma timakhala mbiya zosaotcha mpaka kalekale. Ataphatikiza mankhwalawa ndi ena otseka chokopera chija, anthu amene adali pafupi kufa adadzuka pa mphasa. Nkhaniyi idamveka pa msonkhano waukulu wa Edzi ku Vancouver mu July 1996. Kwathu kuno boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse mu 2004. Kuyambira 2019 ambiri amamwa m'bulu umodzi patsiku wokhala ndi mankhwala atatu: tenofovir ndi lamivudine otseka chokopera, ndi dolutegravir wotseka chosokerera. Mankhwala otseka protease akadalipo, ndipo amathandiza makamaka pamene oyamba aleka kugwira ntchito.

Capsid nayonso idapezeredwa mankhwala ake. Lenacapavir amalowa pa msoko wa pakati pa zigamba, nasokoneza kamangidwe ka chikwamacho ndi ulendo wake wa ku nyukiliyasi. Amabayidwa kawiri kokha pa chaka. Adaloledwa mu 2022 kwa odwala amene mankhwala ena adakanika, ndipo pa kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2024, wochitikira ku South Africa ndi ku Uganda, mwa atsikana ndi amai 2,134 amene adabayidwa pofuna kuwateteza, palibe ndi mmodzi yemwe adapezeka atatenga kachirombo pa zotsatira zoyambazo.

Koma tionetsetse chinthu chimodzi. Mankhwala onsewa amaletsa kukopera, kusokerera kapena kukhwima. Palibe ndi amodzi omwe amene amang'amba tsamba limene lidasokereredwa kale m'buku. Maselo ena a CD4 amagona tulo kwa zaka zambiri ali ndi tsambalo m'kati, osapanga kanthu, osaonekera kwa chitetezo cha m'thupi. Limodzi likadzuka limayamba kumanga. Ngati mankhwala ali m'magazi, tizirombo tatsopanoto sitipita patali. Ngati mulibe, pakangopita masabata ochepa magazi amadzalanso. Ndiponso chokopera cha HIV chimalakwitsalakwitsa zilembo, motero munthu wodumphitsa mankhwala amapatsa mpata tizirombo tosinthika, timene mankhwala aja sangatigwirenso.

8. Phunziroli likutiuza chiyani ife?

Choyamba, yankho la mayi aja. Achipatala akanena kuti kachirombo sikakuoneka m'magazi, ndi nkhani yoyamika nayo Mulungu, koma tanthauzo lake ndi lakuti kumanga kwaimitsidwa. Tsamba lija likadalimo. Mdzukulu wao apitirize kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Ife amene tikukonzekera unsembe tidzakumana ndi akhristu ouzidwa kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Tidzapemphere nawo, tidzawadzoze mafuta a odwala, ndipo tidzawauze mosapita m'mbali kuti nzeru za madokotala ndi mphatso ya Mulungu yemweyo amene tikumupempha. Wansembe wosadziwa zimenezi angathe kukhala chete pamene mawu ake akadapulumutsa moyo.

Chachiwiri, taona kuti chovala cha kachirombo ndi kachidutswa ka nembanemba ya mafuta. Sopo amachiswa, ndipo kunja kwa thupi kachirombo sikakhalitsa ndi mphamvu. Sikafala pogwirana chanza, podyera mbale imodzi, pomwera chikho chimodzi, pogona chipinda chimodzi kapena polumidwa ndi udzudzu. Kamafala kudzera m'magazi, m'kugonana, ndi kuchoka kwa mai kupita kwa mwana pa nthawi ya pakati, pobereka kapena poyamwitsa. Tsono palibe chifukwa chosalira mnzathu m'chipinda chogona, m'chipinda chodyera kapena pa benchi la m'tchalitchi. Ambiri mwa achinyamata amene ali ndi kachirombo lero adabadwa nako. Ndipo aliyense, kaya adakatenga motani, ndi m'bale wathu.

Chachitatu, matendawa si ufiti. Tatsatira njira yonse, kuyambira pa tsamba mpaka pa chikwama, ndipo paliponse tapeza zinthu zimene anthu adaziona, kuziyeza ndi kuziwerenga. Banja limene likutaya nthawi kufunafuna amene adalodza mwana wao likuchedwetsa thandizo, ndipo likudana ndi anthu osalakwa.

Chachinayi, mankhwala amateteza ndi ena omwe. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene adachitika m'maiko 9 kuphatikizapo kuno ku Lilongwe ndi ku Blantyre, adaonetsa mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kudachepetsa ndi 96 pa 100 alionse kupatsirana pakati pa mwamuna ndi mkazi pamene mmodzi yekha ndiye ali ndi kachirombo. M'chaka chomwecho dziko lathu lidayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mai aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka nako, ndipo ana ambiri abadwa opanda kachirombo chifukwa cha njira imeneyi. Choncho kuyezetsa magazi ndi ntchito ya chikondi, makamaka kwa amene akukonzekera ukwati.

Potsiriza, zimene Mpingo umatiphunzitsa za kudzisunga tisadalowe m'banja ndi kukhulupirika m'banja zikugwirizana ndi zimene taona pano. Tsamba likasokereredwa silichoka, ndipo kulisokerera kumachitika m'masiku oyambirira enieni munthu atangotenga kachirombo. Chanzeru nkutseka pakhomo wakubayo asadalowe. Kwa amene adawalowera kale, khomo la chipatala ndi la tchalitchi akhale otsekula onse awiri.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani zigawo zinayi zikuluzikulu za Gag ndi ntchito ya chilichonse.

2. Tchulani zinthu zitatu zimene kachirombo kamatenga kapena kubwereka kwa selo pomangidwa.

3. Chifukwa chiyani kachirombo kongotuluka kumene sikangathe kupatsira matenda? Mankhwala otseka protease amapezerapo mwayi wanji?

4. Fotokozani m'mawu anuanu, monga mungafotokozere agogo anu, kusiyana kwa mawu awa: "kachirombo sikakuoneka m'magazi" ndi "kachirombo katha m'thupi."

5. Mkhristu wa mu Mphakati wanu wakuuzani kuti waleka ma ARV chifukwa adamupempherera ndipo akupeza bwino. Mungamuyankhe bwanji mwaulemu, osanyoza pemphero, komanso osabisa choona?